Kiyi wa Pageti

Tadala, ika foniyo pansi. Mphatso, tsitsa mapazi pampando, muno si m'minibasi. Iwe Yankho sendera kuno, makutu okalamba ndi anga, akowo ndi aulesi chabe. Ndili nanu mawu ana inu, ndipo ndikufuna ndiwamalize bambo anu asanalize hutala pageti.

Mwamva kale kuti Loweruka akukanditula kumudzi ku Nathenje. Akuti ndikapume mpweya wabwino. Sindinakane. Koma tasuzumirani panjapo muone mitambo momwe ikuunjikanira. Chizimalupsa chagwa kale, ngumbi zatuluka, mvula yeniyeni ili m'njira. Ndikachoka ine, idzakupezani masana muno muli nokha ndi anti antchitowa, geti lili chikhomere, makiyi ali ku City Centre m'matumba mwa makolo anu. Umu ndi momwe inawapezera agogo anu aakazi, a Nambewe. Inu munangouzidwa kuti anapita ndi madzi. Lero ndikuuzani momwe anapitira, chifukwa sindikufuna kudzamva ndili ku Nathenje kuti madzi abweranso kudzatenga wina.

Ine ndinafika m'tauni muno ndili mnyamata, ndi kabudula mmodzi ndi bulangete lobooka. Utelala ndinaphunzirira pakhonde la sitolo ku Area 2, pa makina opalasa ndi phazi, kusita kwake ndi simbi ya makala. Ukaiwala kuuzira phulusa, malaya a mwini wake atuluka ndi madontho, ndiye ukonzeke kutukwanidwa mpaka mtundu wako wonse. Uko kuli ofesi ya bambo anu, kozizira ngati m'fuliji kuja, kunali thengo. Tinkapitako Loweruka masana kukazula bowa, mtsinje wa Lingadzi tinkaoloka titapinda buluku. Mphatso ukuseka, ukuganiza kuti ndikunama. Kafunse a Che Yusufu.

Che Yusufu ndi mnzanga uja wa kachipewa koyera amene anabwera pamaliro a agogo anu atanyamula mpunga. Tinakhala khonde limodzi moyo wathu wonse, ine kusoka, iwo kukonza maloko ndi kudula makiyi. Lachisanu akapita kumzikiti ndinkawaonerera katundu. Ine ndikapita kukayendera odwala a kumpingo, makina anga ankawaonerera iwo. Mabingu akayamba, matelala tonse tinkabisa nsalu zofiira pansi pa tebulo, akuti mphenzi imatsata zofiira. Ine monga mkulu wa mpingo ndinkati ndi zachabechabe, koma ndinkabisabe, poti nsaluzo zinali za eni ake. Che Yusufu ankati, "A Phiri, chikhulupiriro chanu chija chathawiranso pansi pa tebulo?" Ndiye kukagwa matalala, ana a m'misika ankathamanga ndi mbale kutola, kumatafuna mano ali gwegwegwe. Madzi oundana tinkawaona tsiku limenelo lokha. Inu mumangotsegula fuliji, nkuiwalanso kutseka.

Nditakwatira agogo anu tinakakhala ku Kawale, m'nyumba ya pamtsetse. Kunalibe mipanda ya njerwa nthawi imeneyo. Ukaima pakhomo pako unkaona ndiwo za mnzako, naye ankaona zako. Tsono mvula yamphamvu ikayamba panali lamulo limene palibe amene analikhazikitsa. Mayi aliyense ankapinda thumba la saka nkuvala kumutu, kutenga khasu, kutuluka mvula ili pakati. Ankalambula kangalande ka pakhomo pake, kuchotsa zinyalala ndi mchenga, kuti madzi apitirire kwa mnzake wa kumunsi. Wa kumunsiyo naye chimodzimodzi, mpaka madzi akagwere mumtsinje. Unkamva akukuwirana mvula ili wawawa: "Nambewe, landirani alendo anu!" Agogo anu nkuyankha, "Afika, ndawaonetsa kale njira!" Ankati madzi ndi mlendo wapaulendo, safuna kugona pakhomo pa munthu. Ukamulozera njira amapita, ukamutsekera amalowa m'nyumba. Ankabwerako atanyowa chinyowere, akuseka, nkuyamba kuotcha chimanga. Denga linasasukapo, nkhuku zinafapo ndi matalala, koma madzi sanatilowerepo m'nyumba ku Kawale.

Bambo anu anakulira m'ngalande imeneyo. Ankayandamitsamo nkhwaila zawo, zikapita ndi madzi nkumalira. Inde Yankho, bambo akowo ankalira, mamina mpaka pachibwano. Koma kusukulu anali ndi mutu. Agogo anu anakazinga zitumbuwa mpaka maso anafiira ndi utsi, ine ndinapalasa makina mpaka bondo ili, ndipo mwana anaphunzira. Atamanga nyumba ino kuno ku Area 47 anabwera kudzatitenga. Anati, "Mwavutika mokwanira, bwerani mudzapume." Anatipatsa nyumba ya kuseri ija, ya magetsi ndi mpopi wake. Bambo anuwa, Lameki, ndi mwana wabwino. Chimenechi muchisunge, chifukwa zimene ndinene tsopano zingakuiwalitseni.

Pamalo pano mukupadziwa, ndi potsetsereka. Geti lili kumtunda, kumsewu. Khoma la kuseri lili kumunsi, kuyang'ana ku Lingadzi. Titafika, khoma la kumunsilo linali ndi mabowo m'munsi mwake, otha kulowa mutu wa munthu, oti madzi azitulukira. Ndiye kunabwera akuba. Anaponyera nyama ya poizoni pa bowo limodzi, galu nkufa. Patapita masiku analowa. Amayi anu, ali ndi pakati pa Yankho, anawamanga manja ndi chingwe cha simbi, chikwanje chili pakhosi. Tadala, iwe ukukumbukira, sindionjezera.

Kuyambira pamenepo bambo anu anasintha. Khoma analikweza, pamwamba mabotolo oswa, pamwamba pake waya wa malezala. Bwalo lonse anathira simenti kuti pasakhale pobisala munthu. Loko wa pageti anamuwotcherera m'kabokosi kachitsulo kuti nyundo isamufike. Makiyi anasiya awiri okha, wawo ndi wa amayi anu, poti anthu anawauza kuti akuba otere amatsegulirwa ndi a m'nyumba momwemo. Ndipo mabowo aja anawatseka ndi njerwa ndi simenti. Ine sindiwaweruza. Mwamuna amene wapeza mkazi wake atamangidwa pansi ngati mbuzi, usamufunse kuti bwanji wagula loko wamkulu.

Tsiku lotseka mabowolo agogo anu anaima pambali pa mmisiri, manja kumbuyo. Anati, "Nanga alendo aja azidzadutsa pati?" Bambo anu anaseka. "Amayi, kuno si ku Kawale. Kuno kuli ngalande za kumsewu." Zinalipodi. Koma pitani mukazione lero, mwadzaza mabotolo a pulasitiki, majumbo ndi matewera. Dambo la kumtunda kuja, kumene tinkamweta udzu, lonse ndi nyumba tsopano, iliyonse ndi khoma lake ndi simenti yake. Madzi alibenso polowera pansi. Aliyense amangowakankhira kumsewu, osati momulandiritsa mnzake ngati kale, koma momutayira. Zaka zingapo mvula inkabwera, madzi nkufika m'kakolo pabwalopa, nkuphwa. Tonse tinazolowera. Inenso ndinazolowera.

Tsiku limene madzi anawatenga agogo anu kunacha kotentha, kopanda ndi kamphepo komwe. Inu munali kusukulu. Anti anali atapita kwawo kumaliro. Ine ndinakwera nawo galimoto ya bambo anu kuti akanditsitse ku Old Town, ndikagule ulusi, ndikachezenso ndi Che Yusufu. Agogo anu anatiperekeza mpaka pageti. Anati, "Tengani ambulera, bondo langa likunena mvula. Mubwere ndi usipa, osati wowawa uja munagula tsiku lija." Bambo anu anakhoma geti, ife nkumapita. Mawu otsiriza a mkazi amene ndinakhala naye moyo wonse anali a usipa.

Dzuwa litapendeka kumwamba kunada ngati pansi pa mphika. Mphepo inayamba ndi fumbi, kenaka inabwera yeniyeni. Ndinaona malata akuuluka ngati mapepala pamwamba pa Area 1, maambulera a ogulitsa malonda akugubuduzika mumsewu, eni ake akuwathamangira, kaunjika ali mbwee m'matope. Chikwangwani chachikulu chinagwera paminibasi. Kenaka matalala, aakulu ngati mazira a nkhunda, kumenya malata mwakuti munthu sumamva mawu a mnzako ali pambali pako. Magalasi a galimoto ankasweka tikuona. Ife tinali pakhonde, pouma. Limodzi la matalalawo linagubuduzikira paphazi panga, ndinalitola nkuponya m'kamwa. Che Yusufu anati, "Mano atatu otsalawo mukuwamaliza dala?" Tinaseka mpaka misozi. Nthawi imeneyo agogo anu anali akumenya geti ndi mwala.

Matalala atasiya inatsala mvula yokhayokha, yosaona kutsidya kwa msewu. Posakhalitsa anthu anayamba kuthamangira kumlatho kukaona mtsinje wa Lilongwe. Unali utanyamula mitengo ya nthochi, mabenchi a mumsika, mbuzi yakufa. Galimoto zonse zinaima. Ndipamene foni ya Che Yusufu inalira. Anali bambo anu. "Bambo ali pomwepo? Auzeni kuti a Gondwe, aneba aja, aimba foni, akuti kunyumba kwavuta. Ine ndatsekeredwa, mitengo yagwera mumsewu." Amayi anu anali m'galimoto yomweyo. Makiyi onse awiri anali pamzere umodzi wa galimoto, osasuntha.

Wa kabaza aliyense anakana. Ndinayenda wapansi, ndi bondo lomweli, ambulera ali m'manja osakumbukira kumutsegula.

Zimene zinachitika muno anandiuza ndi a Gondwe, aneba athu a kumtundawa, aja anapuma ntchito m'boma. Mphepo inasasula denga la nyumba yathu ya kuseri. Agogo anu anathawira kunyumba yaikulu ino, anapeza pokhoma. Anathamangira kugeti, pokhoma. Madzi a mumsewu wonse anali akulowa pansi pa geti ngati mtsinje, kutsetsereka pasimenti, kukaima pakhoma la kumunsi. Bwalo lino linasanduka beseni. A Gondwe atamva kugogoda anatuluka ndi vesiti yokha. Anakuwa, "Amama, gwirani geti, musasunthe, tikubwera!" Anabwera ndi nyundo, nyundo sinamufike loko. Anabwera ndi makwerero, waya unawang'amba manja. Zipsera zija mumaziona akamakupatsani moni, anazitenga pakhoma la bambo anu. Zonse zimene zinagulidwa kuti munthu asalowe muno zinagwira ntchito yake bwino lomwe. Palibe chimene chinalephera.

Pageti madzi anali m'mawondo mokha. Agogo anu akanaima pomwepo, bwenzi lero akukukalipirani za mapazi pampando. Koma anacheuka, naona madzi akwera masitepe, afika pachitseko cha nyumba ino, mbali ya zipinda zanu. Anayankhula pa kabowo ka pageti kolowetsera dzanja kaja. Anati, "A Gondwe, tadikirani, ndikawatsegulire njira alendowa. Alowa m'nyumba mwa ana." A Gondwe anawaletsa, anakuwa mpaka mawu anatha. Koma mayi amene wachita chinthu chimodzi mvula iliyonse ya moyo wake, manja ake samva Chichewa cha munthu. Anatenga khasu lawo lija ankalimira mpiru kuseri bwalo lisanathiridwe simenti, nalowa m'madzi kulunjika pamene panali mabowo. A Gondwe akuti anamva khasu likulira pasimenti, kho, kho, kho. Kenaka khoma lonse linapita nthawi imodzi.

Anthu anawapeza agogo anu m'dimba la chimanga kumunsi uko, dzuwa lisanalowe. Ine ndinafika atawafunditsa kale chitenje cha mayi wina wosamudziwa. Kumwamba kunali kutayera, mbalame zikulira ngati palibe chachitika. M'nyumba muno madzi sanalowe. Khoma litagwa anapeza njira, anapita. Mabuku anu, nsapato zanu, kapeti ya amayi anu, zonse zinali zouma.

Khasulo ndinalipeza patapita masiku, m'matope, litapindika kukamwa. Lili pansi pa bedi langa. Likupita nane ku Nathenje.

Pamaliro abusa analalikira kuti chinali chifuniro cha Mulungu, anthu nkumavomera. Ine ndakhala m'nyumba ya Mulungu kuyambira ndili mwana, ndipo sindinayambe ndakangana naye. Koma tsiku limenelo mtima unandiwawa chifukwa cha Iye, poona anthu akumusenzetsa katundu amene si wake. Mvula ndi yake, inde. Matalala ndi ake, mphepo ndi yake, ndipo wakhala akutitumizira zimenezi kuyambira makolo athu. Koma sindinamvepo kuti Mulungu anagula simenti, kapena kuti anataya thewera m'ngalande, kapena kuti anayenda ndi kiyi m'thumba. Zimenezo ndi zathu, tonse a m'tauni muno. Koma pamaliro si pokambira mlandu.

Khoma analimanganso, mwaliona. Pansi anaikamo timapaipi tonga mkono wa Yankho. Kaya tidzakwanira, adziwa ndi madzi. Koma geti likukhomedwabe monga kale. Ndinadikira miyezi, misozi iume. Tsiku lina bambo anu ali okha pakhonde ndinati, "Lameki mwana wanga, siya kiyi mmodzi pakhomo pano."

Anandiyang'ana ngati ndawamenya. "Bambo, mukuti amayi ndinawapha ndine?"

"Sindinatero."

"Nanga kiyi ndi wachiyani?"

"Ndi wa ana."

"Ana ali bwino. Mukufuna zija zichitikenso? Mukufuna adzamange Tadala ulendo uno?"

Anadzuka nkulowa m'nyumba. Ndinayesanso masiku ena, yankho lomwelo, mpaka inayamba nkhani ya mpweya wabwino wa ku Nathenje. Poyamba ndinakwiya, ndipo ndinapempha Mulungu andigwire pakamwa. Kenaka ndinayamba kuona. Kodi mumaona kuti akalowetsa galimoto amakhalamo nthawi yaitali, injini atazimitsa, akuyang'ana khoma la kumunsilo? Bambo anu akudziwa zonse zimene ndakuuzanizi. Kusiya kiyi pakhomo, kwa iwo, kuli ngati kuvomera pamaso pa anthu kuti akanamusiya tsiku lija amayi awo akanakhala moyo. Katundu ameneyo sangathe kumunyamula. Ndikuwamvetsa. Koma mtambo uwo sudikira kuti munthu ayambe wapola mtima.

Lero m'mawa amayi anu anabwera ndi tiyi kunyumba ya kuseri, chinthu chimene amatuma anti. Anagwada pakhomo, naika kapu patebulo, pambali pake nkuikapo kiyi wawo. Maso ali kumbali anati, "Bambo, ndaiwala kanthu penapake. Ndidzakapeza madzulo." Nkutuluka. Mayi amene anamangidwa ndi akuba uja ndi ameneyo. Ngati pali munthu woyenera kuopa geti lotsegula ndi iwo, koma aona kuti choopsa sichilowera pageti pokha.

Ndiye inu muli kusukulu ndinatsegula, ndinakwera minibasi mpaka ku Old Town. Che Yusufu maso anafooka, koma zala zikuonabe. Anautembenuza kiyi uja, nati, "A Phiri, mwayamba umbava muukalamba?" Nditawauza sanasekenso. Anapala, napala, kuuzira, kuyerekeza ndi chala. Pondipatsa anati, "Mukamuuze Lameki kuti wadula ndine, yemwe ndinamudulira kiyi wa sutikesi yake popita kusekondale. Ngati ali ndi mawu abwere adzandiuze pakhonde pano."

Nayu. Ndamumangirira pa chingwe chofiira dala, kuti asasowe. Mphenzi ikafuna ibwere.

Tadala, kiyi ameneyu ndi wako, ndiwe wamkulu. Si wotulukira kukaonana ndi kamnyamata kaja kamaima pa shopu kuvala buluku logwa, usaganize kuti maso anga anafa. Tamvera. Ukaona kumwamba kwada masana, mphepo yayamba kuzunguza mitengo, usadikire kuti uone madzi. Tsegula loko, geti ulisiye lotsekedwa koma losakhoma. Madzi akayamba kulowa pansi pa geti, gwira Yankho dzanja, itana Mphatso ndi anti, tulukani mukwere kwa a Gondwe. Ndayankhula nawo, akuti chitseko chawo chidzakhala chotsegula. Musabwerere kudzatenga kanthu. Kaya foni, kaya yunifolomu, kaya galu, zisiyeni. Ndipo wina asadzayerekeze kupita kukhoma la kumunsi kukatsegulira madzi njira. Nzeru imeneyo inali yabwino ku Kawale, kumene kumunsi kwako kunali mnzako ndi khasu lake. Kuno kumunsi kwako kuli khoma. Madzi akafuna kulowa m'nyumba, alowe. Kapeti imachapidwa.

Koma sindikupatsa mobisa ayi. Sindinaphunzitse bambo anu kuba, sindiyambira pa inu. Ndikupatsa iwo akuona. Akafuna kukulanda, akulande pamaso panga, atambasule dzanja lawo iwo eni, akudziwa chimene akulanda. Ine ndikukhulupirira kuti mwana amene Nambewe anabereka sadzatambasula dzanja limenelo. Ngati ndalakwitsa, ndiye kuti ku Nathenje ndikupita mawa m'malo mwa Loweruka, ndipo mtima wanga udzatsala pageti pano mpaka mvula ithe.

Imvani, ndi imeneyo hutala. Anti, mangani galuyo! Mphatso, ndipatse ndodo yanga. Nthawi zonse amati akaliza hutala amatsika kudzatsegula okha. Lero asatsike. Inu imani pakhonde pomwepa, musathawire m'nyumba. Tadala, iwe tiye, undigwire mkono pamasitepe. Ndikufuna bambo ako aone geti lawo likutseguka kuchokera m'kati.